Mtengo umodzi umene anandilola kubzala

Khalani pansi nonse atatu. Limbani, foniyo ilowe m'thumba, lero sindikufuna kuyankhula ndi liwombo lako. Esinati, tiyiyo bwerera naye. Ndikudziwa chifukwa chake wandithirira shuga wambiri chonchi, ndipo sizithandiza. Iwe Pilirani sendera kuno, usabisale kumbuyo kwa mlongo wako ngati sunagwire nawo chingwe. Ndinamva kuti ndiwe unkatsogolera nyimbo.

Tembenukani muuone mtengo wa kokonatiwo. Wawongoka, eti? Anthu odutsa akumaima n'kumauyamikira. Mtengowo wafa, ana inu. M'mawa uno ndinatsamiritsa makwerero, n'kukwera ndi mawondo anga oumawa, n'kugwira tsamba lapakati lija, limene limatuluka losongoka lisanatambasuke. Sindinakoke ndi mphamvu ayi. Linazuka lokha n'kutsalira m'dzanja langa, kunsi kwake kofewa, kukununkha ngati chinangwa chimene chaiwalika m'madzi. Kokonati ali ndi mtima umodzi wokha, pamwamba pamenepo, ndipo ukavunda sipaphukanso kanthu. Masamba obiriwira mukuwaonawo pofika mwezi wamawa adzakhala atalendewera onse.

Ndakwiya, ndipo sindibisa. Mawa alamu anga a Filipo, mlongo wawo wa malemu agogo anu aakazi, akubwera ndi akuluakulu a banja kudzaona ngati mtengo wawongoka. Tisanafike mawalo ndikufuna mumve chimene mwapha, chifukwa ndaona kuti nkhaniyi mumaidziwa mwapatalipatali.

Ine kuno ku Chia si kwathu. Kwathu ndi ku Liwaladzi. Ndinabwera kuno ndili mnyamata wa ndevu zowerengeka, wapansi, masiku awiri, chifukwa nthawi imeneyo kunalibe zoti munthu aime pamsewu n'kutukula dzanja, minibasi n'kumuimira. Mkeka unali pamutu, nkhwangwa paphewa, kasemasema wosemera mabwato m'chiuno, kamba wanga chinangwa chootcha ndi usipa wouma m'kansalu. Pa Bua tinawoloka pa bwato la mkulu wina wa diso limodzi, amene ankamenya ndi nkhafi aliyense wolowetsa zala m'madzi, kuopa ng'ona. Inu lero mumadutsa pamlatho pomwepo muli m'tulo, kukamwa kuli yasa.

Ndinabwera kudzasema bwato la munthu, ntchito ya milungu itatu. Agogo anu, Nankhoma, ankadutsa pamene ndinkasemerapo popita kukavuula chinangwa kudambo. Masiku anayi anadutsa osandipatsa moni. Lachisanu anaima, dengu lili pamutu, n'kunena kuti, "Achimwene, bwato lanuli mbali imodzi yanenepa." Ndinapsa mtima kuti mtsikana akudziwa chiyani za mabwato. Atapita ndinayeza ndi luzi, n'kupeza kuti sananame. Bwatolo ndinalikonza, mwiniwake anatenga, koma ine kwathu sindinabwerere.

Ndinalowa chikamwini. Anyamata a masiku ano mumatenga mkazi n'kukachita lendi ku boma, apongozi n'kumawaonera pafoni. Kale mwamuna ankasiya kwawo n'kudzakhala kwa mkazi, kulima nthaka ya kuchikazi, ana obadwa n'kukhala a kuchikazi. Tsiku lachiwiri apongozi anga anandipatsa khasu n'kundilozera munda wa mpunga m'mbali mwa Chia, matope ofika m'mawondo, misundu ikukakamira m'miyendo. Za ntchito sindidandaula, ndinali ndi mphamvu zoti ndizitaye. Nyumba yoyamba ndinamanga ya mitengo yophoma, yachiwiri ya zidina, yachitatu ino ya njerwa zootcha zimene ndinaumba ndi manja awa. Chitsime mukutungacho ndinakumba ndine, chingwe chili m'chiuno, mchenga ukugumukira pamutu. Nkhokwe ya apongozi ikapendama, khola la mbuzi la alamu likathyoka, denga la tchalitchi likasasuka ndi mphepo, mawu anali amodzi, akuti itanani mkamwini. Chinthu chimodzi chokha ndi chimene sanandilole, ndicho kubzala mtengo.

Ukuseka chiyani, Pilirani? Ndinayesapo. Chaka chimene anabadwa mayi anu, malemu Aginesi, ndinatenga mbande ya mango a boloma n'kuibzala kuseri kwa bafa, kumene madzi amayenderera. Inagwira bwino mpaka kufika m'chiuno. Tsiku lina pochokera kunyanja ndinaipeza itazulidwa, yagonekedwa bwinobwino pakhomo panga, dothi likadali kumizu. Posakhalitsa anatulukira a Filipo, nthawi imeneyo ali mnyamata wonenepa masaya, wamng'ono kwa ine, n'kukhala pampando wanga osauzidwa.

"Alamu, musakhumudwe," anatero. "Chimanga, chinangwa, mpunga, bzalani mmene mungathere, zimenezo mumakolola n'kutha. Koma mtengo umakhalitsa kuposa ukwati. Mawa mukadzasiyana ndi mlongo wanga, abale anu adzabwera n'kumati mango awa ndi a m'bale wathu, ndiye kuti malonso ndi ake. Kuno mkamwini sabzala mtengo."

Ine ndinati, "Ndamva, alamu." Ndinawaperekeza mpaka panjira. Pobwerera ndinatola nkhwangwa n'kuyamba kuwaza chitsa cha msangu chimene chinali apo pali khitchini lero, mpaka m'manja munatuluka matuza, chifukwa ndikanapanda kuwaza chitsa ndikanawaza munthu. Agogo anu anali pamtondo, anangondiyang'ana n'kupitiriza kusinja, ndipo ndinawakwiyira mwezi wathunthu. Uja anali mlongo wawo, mwini mbumba, akanatani? Lero ndimamvetsa, koma mtima wa tsiku limenelo sunaphwe mpaka pano.

Zaka zoposa makumi anayi ndinakhala ndikupumira pa mithunzi ya anzanga. Mango amene munkagenda muli ana ndi a a Filipo. Malalanje aja munkabwera nawo m'malaya ndi a azichemwali a agogo anu. Anthu akamatsutsana za malire amati kuyambira pa mtengo wa uje kukafika pa mtengo wa uje, ndipo dzina langa silinamvekepo pa nkhani zoterozo. Ana anga aamuna awiri anakula n'kupita kukakhala akamwini kwa eni ake, wina ku Kanyenda, wina kutali kummwera. Aginesi anamwalira iwe Pilirani ukuyamwa, bambo anu anabwerera kwawo n'kukakwatira kwina, nonse atatu munatsalira ife. Esinati, iwe unkakana kondowole, unkati akukukakamira pakhosi. Agogo ako akapita kumaliro ndinkatenga mpunga n'kukapuntha ndekha mumtondo, bambo wamkuluwamkulu, akazi a pachitsime akugwa nazo kuseka. Limbani, nkhafi unaphunzira kugwira utakhala pamiyendo panga, ukulira kuti bwato likugwedezeka. Lero ndiwe katswiri wa panyanja, uli ndi anzako okumvera. Ndikanadziwa kumene kumverako kudzathere ndikanakuphunzitsa kuweta mbuzi.

Agogo anu atayamba kudwala matenda amene anawatengawo, anatumiza uthenga kwa mnzawo wa paubwana, mayi wina wachisilamu wa kufupi ndi ku boma, kumene kuli mitengo ya kokonati yakalekale, imene iwo amati minazi. Mayiyo anabwera atasenza kokonati mmodzi wophuka kale, wa timasamba tiwiri. Agogo anu anaitanitsa a Filipo ndi azichemwali awo n'kuwakhazika pamkeka pakhonde pomwe pano, iwo atatsamira khoma, chifukwa kukhala tsonga sankatha.

"Achimwene," anatero, "bambo awa akalambira pamudzi pano. Ana anga alera, adzukulu anga akulera. Lero abzala mtengo uwu ndi dzanja lawo, pabwalo panga, inu mukuona. Amene akufuna kuuzula auzule ine ndikadali moyo, ndimuone nkhope."

A Filipo ankangoyang'ana zala zawo za kumapazi. Ndinatenga khasu n'kukumba dzenje. Ndinathiramo phulusa, manyowa a mbuzi, ndi mchere wodzaza dzanja monga anandiuzira mayi uja. Agogo anu anati ndiwasendezere mkeka kuti aone bwino, n'kundidzudzula kuti ndakwirira kwambiri. Anamwalira mtengowo uli ndi masamba asanu.

Maliro a mkazi akatha pamakhala kusudzula. Mkamwini amamukhazika pakati, kumuthokoza pa zonse, n'kumuuza kuti wamasuka, angathe kubwerera kwawo. Mawu ake ndi aulemu kwambiri, koma tanthauzo lake ndi lakuti nyamukani. Inu munalipo tsiku limenelo, koma munali kuseri mukulimbirana mafupa a mbuzi. A Filipo anaimirira n'kunena kuti, "Alamu, mwambo mukuudziwa. Koma mlongo wathu anakupatsani mtengo ife tikuona, ndipo mtengo umafuna woulera. Khalani muusamale. Nthawi yonse imene mtengowu uli moyo, inunso muli pano."

Anthu anaomba m'manja kuti a Filipo ndi munthu wachifundo. Ine ndinagwada n'kuthokoza. Nyumba zitatu, chitsime, ana atatu, adzukulu atatu, zonsezo sizinakwane kundisunga pamudzi pano. Chinandisunga ndi kamtengo kofika m'bondo. Mpaka lero ndimadzida chifukwa cha kugwada kuja.

Komabe ndinaulera. Ndinautchingira ndi minga kuopa mbuzi. M'chilimwe, mchenga ukamatentha moti nkhuku zimayenda modumpha, ndinkasenza ndowa ziwiri m'mawa uliwonse. Anthu ankati mkulu uja wapenga, akulera mtengo ngati khanda, ena n'kumandifunsa ngati ndaupezera kale sukulu. Ndinkaseka nawo. Zaka zisanu ndi zitatu zapita, thunthu linapitirira denga la khitchini, ndipo chaka chino kwa nthawi yoyamba unachita maluwa n'kubereka timakokonati ngati mazira a nkhuku. Tinalipo khumi ndi kamodzi. Ndinkatiwerenga m'mawa uliwonse ndisanasukusule.

Kenako inabwera mvula ija ya mu Febuluwale, masiku asanu osakata. Nthaka yathu ndi yamchenga, inafewa ngati phala, mphepo yamkuntho n'kukankha. Tinaupeza mtengo utapendekera kunyumba yatsopano ya malata ya mwana wamkazi wa a Filipo. Dzuwa lisanakwere a Filipo anali atafika kale ndi ndodo yawo, akuuzungulira.

"Alamu, mwera ukayamba mtengo uwu ugwera denga la mwana wanga," anatero. "Muuwongole mwera usanayambe. Mukalephera, tidula."

Tonse tinkadziwa amene anyamuke mtengowo ukadulidwa. Mwana wawoyo ndi kale anayamba kuliyeza bwalo lino ndi maso, akuti pamayenera golosale poti ndi pafupi ndi njira.

Tsiku lomwelo ndinakukhazikani pansi ngati lero. Mukukumbukira, kapena ndibwereze? Ndibwereza, mumve kuwawa. Ndinati kokonati alibe muzu waukulu wolowa pansi ngati mango. Ali ndi timizu tambirimbiri tonenepa ngati chala, toyala m'mbali, ndipo ukamukoka kamodzi n'kamodzi timaduka. Ndinati tifukule pang'ono mbali imene mtengo uyenera kubwerera, ndi manja ndi kakhasu kakutha, osadula muzu ndi umodzi womwe, kuti tsinde lipeze pokhala. Tithire madzi ndowa zambiri nthaka ifewe. Mbali yopendekerayo tichirikize ndi mphanda ziwiri za mtengo wouma, pokhudza thunthu tiikepo chiguduli, chifukwa kokonati akachita bala silipola. Chingwe timange pakati pa thunthu, chokulunga ndi chubu cha njinga, n'kuchikokera ku chikhomo. Ndinanena kawiri kuti pakati pa thunthu, osati pakhosi. Ndiye sabata iliyonse tizisendeza mphanda chikhatho chimodzi, kukunga chingwe, n'kutsindira dothi. Chikhatho chimodzi pa sabata.

Zimenezi sindinazione m'maloto. Bambo anga ankatambasula bwato latsopano ndi timitengo topingasa, lero kamtengo aka, mkucha kotalikirapo pang'ono, akulithira madzi. Mnzawo wina wopupuluma analowetsa kakatali tsiku loyamba lomwe, bwato la miyezi iwiri linangoti the, mng'alu kuyambira kumutu mpaka kumchira. Ndinali mwana, koma kulira kwa mkulu ameneyo ndimakukumbukira.

Tinachita masabata anayi, mtengo unabwerera zikhatho zinayi. Zinatsala zisanu ndi zitatu, ndipo nthawi inalipo, ndinali nditawerenga masabata mpaka mwera. Iwe Limbani unayamba kutopa. Unati, "Agogo, pafoni ndaona anthu akukoka ndi galimoto, mphindi khumi basi wawongoka." Ine ndinakufunsa kuti, "Nanga anakuonetsanso mtengowo patapita miyezi iwiri?" Unaseka, ine n'kumayesa kuti wamva.

Sabata yachisanu unabwera uthenga woti mlongo wanga Naphiri wamwalira ku Liwaladzi. M'mimba mwathu tinabadwa asanu ndi mmodzi, tinatsala awiri, tsopano ndatsala ndekha. Ponyamuka ndinakuuzani kuti muzingothira madzi, mphanda musazikhudze. Esinati unandinyamulira chikwama mpaka pamsewu n'kunena kuti, "Musadandaule agogo, tiusamala."

Ndikuuzeni zimene ndinakapeza kwathuko, poti a Filipo akamati kwanu amayesa kuli nyumba yondidikira. Pamene panali nyumba ya amayi anga pali munda wa chinangwa wa munthu amene sindimudziwa. Ana a mlongo wanga anandilandira bwino, sindingawanamizire. Anandipatsa mpando wa alendo, madzi osamba otentha, n'kumauza anthu kuti awa ndi malume a ku Chia. Umalume wanga ndinausiyira mng'ono wanga kalekale poti ine ndinali kuno kukumba zitsime za eni, nayenso anapita, ndipo mbumba ili m'manja mwa mwana amene ndinamuona komaliza akukwawa. Kumanda ndinayang'ana mitumbira n'kupeza kuti onse amene ankandiitana ndi dzina langa la paubwana ali pamenepo. Tsiku lachitatu mmodzi wa ana aja anandifunsa mwaulemu kuti, "Malume, mubwerera liti, tikakuperekezeni kumsewu?" Sanalakwe. Mlendo amafunsidwa choncho.

Ndinatha masiku asanu ndi limodzi. Nditatsika minibasi n'kukhota pa njira ya kuchigayo, ndinaona nsonga ya mtengo wanga ili njo pamwamba pa madenga. Ndinakhala pansi pomwepo m'mbali mwa njira ngati woledzera. Iwe Esinati unandithamangira ukuvina, ukuti, "Agogo, taonani, tamaliza." Pabwalo ponse panali mapazi okhaokha. Mphanda zanga zinali zitatayidwa kuseri, imodzi mutaiwaza kale nkhuni. Pamwamba, pansi penipeni pa masamba, panali mkwingwirima wa chingwe wozungulira khosi lonse.

Zotsalazo anandiuza ndi mayi a kuseri kwa mpandawu, akuyesa akundiuza zokoma. Akuti tsiku limenelo nyanja inavuta, simunapite kukakoka khoka. Iwe Limbani unasonkhanitsa anzako okoka nawo khoka, amuna khumi ndi awiri, ndi chingwe chake chomwe cha khokalo. Wina anakwera n'kumanga pakhosi, akuti pamwamba ndi pamene pali mphamvu. Munafola mzere monga mumachitira kugombe, zidendene mumchenga, Pilirani n'kuyambitsa nyimbo. Mtengo unakana, inu n'kuwonjezera mphamvu. Pansi panayamba kumveka thu, thu, thu, inu n'kukuwa kuti wayamba kubwera. Imeneyo inali mizu ikuduka, ndipo pakhosi paja chingwe chinali chikufinya mtima.

Vuto lanu ana a kunyanja ndi limeneli. Munakula mukudziwa kuti chingwe chikalemera ndiye kuti mwapha nsomba zambiri, ndipo mankhwala ake ndi kukoka mwamphamvu ndi kukweza nyimbo. Chilichonse chokana kubwera mumachiyesa khoka. Mtengo unkakuuzani kuti ndikuthyoka, inu mukumva kuti ndadzaza utaka.

Timakokonati tija tinayoyoka tsiku lomwelo. Usaweramitse mutu Esinati, ndikudziwa kuti unatisesa n'kukatitaya kudzala kuti ndisatione, n'kuthira phulusa pamwamba. Nkhuku zinafukula. Ndinatola tonse khumi ndi kamodzi, tili m'chitini pansi pa bedi. Sindikudziwa kuti ndikutisungiranji.

Masabata atatu ndakhala chete. Munkayesa ndi chisoni cha maliro. Ndinkathira madzi m'mawa ndi madzulo, ndikudzinamiza kuti kapena mizu ina inatsala, kapena mtima sunaphwanyike wonse. A Filipo anandipeza kutchalitchi n'kundigwira dzanja, akuti, "Alamu, muli ndi adzukulu amphamvu." Ndinati zikomo. Lero m'mawa bodzalo latha.

Ndikudziwa chimene ukufuna kunena, Limbani, tseka pakamwa. Munachita chifukwa cha mantha. Munamva mwana wa a Filipo akuuza anthu pachitsime kuti mkulu uja sakwanitsa, mwera umupeza akuyeza zikhatho. Munafuna kuti ndikamabwera kumaliro ndipeze chinthu chimodzi chosangalatsa. Zonsezo ndikuzidziwa, ndipo n'zimene zikundipweteka kwambiri. Akanakhala mdani ndikanadziwa pomuyambira. Koma ndinu, ana amene ndinkakupukutani mamina ndi malaya anga, ndipo ndinakuuzani ndi pakamwa panga, kawiri. Munaona kuti nkhalamba ikuchedwetsa zinthu. Munadikira ndichoke.

Sindinakwiyire inu nokha. Ndakwiyira a Filipo, amene anamangirira moyo wa munthu ku mtengo ngati mbuzi. Ndakwiyira agogo anu, Mulungu andikhululukire, chifukwa anadikira zaka makumi anayi kuti anene mawu amene akanatha kunena tsiku la mango lija, n'kuwanena atatsala pang'ono kundisiya. Ndadzikwiyiranso ndekha, chifukwa cha "ndamva, alamu" amene ndakhala ndikumunena moyo wanga wonse.

Ukuti chiyani, Esinati? Kweza mawu. Ukuti mawa tingokhala chete, masamba akadali obiriwira, a Filipo maso anachita ng'ala saona pamwamba? Ndiye mwezi wamawa masamba akagwa tidzati chiyani? Ukuti tikapeze mbande ina tibzale pambali? Mwana wanga, mtengo uja sunali wamtengo wapatali chifukwa ndi kokonati. Unali mawu a agogo ako, onenedwa pamaso pa abale awo. Mbande ina adzaizula n'kuigoneka pakhomo, ndipo ulendo uno palibe wodzatsamira khoma n'kuwaletsa. Komanso ine sindikhala pamudzi pano mobisala kuseri kwa mtengo wakufa. Tsamba lovunda lija ndalikulunga m'pepala. Mawa akakhala pansi ndidzaliika pamkeka ndekha, aliyense alinunkhize.

Zikadzatero, ine ndilibe pakamwa. Mkamwini pa nkhani ya malo amayankha akafunsidwa, ndipo sadzandifunsa. A Filipo adzati pepani alamu, pangano munalimva nokha. Akuluakulu adzagwedeza mitu, wina adzapemphera, nkhani n'kutha.

Koma inu muli ndi pakamwa, ndipo ndaona kuti simudziwa. Ndinu ana a Aginesi, Aginesi mwana wa Nankhoma. Pamudzi pano mlendo ndine ndekha, inu ndinu eni nthaka. Esinati, bwalo lino ndi lako, linachoka kwa agogo ako kupita kwa mayi ako n'kufika kwa iwe, ndipo amene akufuna kumangapo golosale ayenera kupempha iweyo. Limbani, ndiwe mlongo wake wamkulu, ana a Esinati akadzabadwa mwini mbumba ndiwe, uli ndi ndevu zodzaza chibwano. Pilirani, mawu okweza uli nawo, mudzi wonse unawamva. Chikhalireni sindinakuonenipo mukuyankha a Filipo. Akamadutsa mumavula zipewa n'kumati eya agogo, eya agogo, ndipo ndikudziwa kumene munaphunzira zimenezo. Munaonera ine.

Mawa pafunika munthu mmodzi woti aimirire pamaso pa akuluakulu n'kunena kuti mtengo tapha ndife, ndipo agogo athu sachoka, pakhale mtengo kapena pasakhale. Adzakukalipirani. Adzati ana opanda mwambo, adzati mkamwini wawaphunzitsa mwano, mwina ena sadzakuyankhulani mpaka chaka chamawa. Pokoka chingwe munali ndi amuna khumi ndi awiri ndi nyimbo pamwamba. Mawa mudzakhala atatu, ndipo anzanu a kugombe sadzakhalapo.

Sindikukupemphani. Ndapempha mokwanira pamudzi pano. Chikwama ndamanga kale, chili kuseri kwa chitseko, ndipo sicholemera, chifukwa zonse zimene ndinapanga kuno n'zosanyamulika. Mukadzakhala chete mawa, mmodzi wa inu adzandinyamulire mpaka pamsewu. Mugwirizane lero lomwe kuti akhale ndani, ndisadzaime pabwalo anthu akuona, n'kumadikira kuti mukankhizane.